Tsiku Limene Ndinanyoza Gitala ya Alamu Anga

Ntchito yanga ndi pakamwa. Ena amalima, ena amawotcherera zitsulo. Ine ndimagulitsa kaunjika m'misika, Msundwe lero, Nsaru mawa, Namitete mkuja, ndipo chida changa chenicheni si belo koma lilime. Lamulo loyamba limene ndinaphunzira pa geniyi ndi ili: chinthu ukachifuna, usachiyamikire. Uchinyoze. Ukapeza jekete labwino kwa wopikulitsa usamwetulire. Ulitembenuze, ulinunkhize, upeze kaulusi kamodzi kolendewera, unene kuti, "Ili lavalidwa ndi anthu atatu, wachitatuyo anafera momwemo." Ukatero mtengo umatsika wokha. Lamuloli landidyetsa, landimangira nyumba ya malata. Koma linatsala pang'ono kuwalanda alamu anga chinthu chimodzi chokha chimene anali nacho padziko, ndipo wopusa wa m'nkhani imeneyo ndi ine ndemwe.

Alamu angawo ndi woyimba. Kumudzi kwathu, kufupi ndi Msundwe, anabwera ngati mkamwini atakwatira mlongo wanga wamng'ono, koma kwawo kwenikweni n'kovuta kutchula. Makolo awo anachokera ku Phalombe. Anabwera pa lole kudzakhala matenanti pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Nsaru, atanyamula mphasa, mapoto ndi mawu akuti chaka chamawa tibwerera. Chaka chamawacho chinawapeza ali m'manda a pa esiteti pomwepo. Alamu anabadwira m'kanyumba ka udzu pafupi ndi chigafa, ndipo amanena okha kuti fungo loyamba limene mphuno zawo zinadziwa silinali la mkaka wa mayi awo koma la fodya wouma.

Banjo yawo yoyamba anaipanga ndi chigubu cha mafuta ophikira. Nsambo zake zinali waya wa mabuleki a njinga, khosi lake mkangala, kamtengo kaja kopachikapo fodya, umene anasolola m'chigafa kapitawo atatembenuka. Bambo awo anawakwapula chifukwa cha mkangalawo, kenaka atapuma n'kunena kuti, "Tayimba timve, poti waba kale." Atakula pang'ono, abambo mfumu ena a ku parishi anawabwereka gitala ya kwaya. Sanakhalitsemo m'kwayamo. Nyimbo ya chopereka ankaiyamba bwinobwino, mwaulemu, koma pofika ndime yachitatu dzanja linkathamanga lokha, amayi a kumbuyo n'kuyamba kugwedeza mapewa, wina n'kuponya nthungululu pamalo posayenera. Mkulu wa kwaya anati Misa yayamba kununkha chimtali. Gitala inabwerera m'kabati, alamu n'kubwerera ku chigubu chawo.

Ine ndinawapeza pa msika wa Nsaru. Tsiku limenelo ndinali nditayala mulu wa masiketi, ndikukuwa mpaka kukhosi kuuma, koma anthu onse anali ataunjikana pansi pa mtengo wa malaina, pamene mnyamata wina wowonda ankakanda chigubu maso atatsinzina. Munthu wina akanakwiya. Ine ndinangonyamula mulu wanga n'kukauyala pafupi ndi mapazi ake. Ndinali nditazindikira kuti mayi amene wangomva nyimbo yomukhudza amagula siketi osayang'ana msoko. Kuyambira pamenepo tinkayenda limodzi, popanda pangano lililonse: iwo kuitana anthu ndi nsambo, ine kuwamaliza ndi pakamwa. Mlongo wanga ankabwera nafe kudzagulitsa zitumbuwa. Ine maso anali pa matumba a makasitomala, osaona kuti zitumbuwa zikuluzikulu zonse zikupita kwa woyimba, ulere. Pamene ndinkadzidzimuka n'kuti ankhoswe atakhala kale pakhonde.

Kwathu mwini mbumba ndi achimwene anga aakulu, mlimi weniweni, munthu amene amayeza mwamuna poona mizere yake. Iwo anasangalala atamva kuti mkamwini ndi mwana wa tenanti. Anati tapeza katswiri wa fodya. Ndipo analidi katswiri. Tsamba ankangoligwira n'kudziwa giredi yake. Koma alamu anakana. Anati chimanga alima, mtedza alima, nkhokwe amanga, chimbudzi akumba, koma fodya manja awo anatsanzikana naye tsiku limene anaika bambo awo m'manda. Achimwene sanawakhululukire kwenikweni. Ankati, "Mudzi wina umalandira mkamwini, ife talandira wailesi."

Amene anawamvetsa anali mlongo wanga. Anali ndi munda wake wa mtedza kumunsi kwa dambo. Zaka ziwiri anasunga mtedzawo, anauswa yekha ndi zala mpaka zikhadabo kutha, n'kuugulitsa, kenaka n'kundiitana ine. Anati, "Achimwene, pitani nawo ku Lilongwe mukawagulire gitala yeniyeni. Mupite inu, chifukwa awa akapita okha akalipira ndi nsapato zomwe."

Sananame. Titalowa m'sitolo ina ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, alamu anaiona itapachikidwa kukhoma, gitala ya magetsi, yofiira ngati khungu la mtedza, ndipo nkhope yawo inayaka ngati ya mwana waona mandasi. Ndinawaponda phazi mwamphamvu. Ndinaitsitsa gitalayo ndi zala ziwiri, ngati ndanyamula khoswe wakufa.

"Bwana," ndinatero kwa mwini sitolo, "khosi ili lapindika ngati msana wa nkhalamba. Apa pali mng'alu, mphemvu zikuchita lendi momwemu. Nsambozi ndi dzimbiri lokhalokha. Tikuchotsereni chinyalalachi, mutithokoze."

Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Ndinatuluka m'sitolomo kawiri, ndikuwakoka alamu ngati mbuzi yokana kuchoka pa msipu. Kachitatu mwini sitolo anatiitana yekha. Pobwerera, mu minibasi, alamu anaifungatira gitalayo ulendo wonse, ndipo tikudutsa pa Chitedze anandiyang'ana n'kunena kuti, "Alamu, pakamwa panu m'poopsa. Ndinatsala pang'ono kukhulupirira kuti ndi yoipadi."

Anapeza sipika yakale ndi batire la galimoto, ndipo apa ndi pamene nyimbo zawo zinapeza mawu ake. Sindidziwa kuifotokoza bwino, ine ndine wa kaunjika. Gitalayo sinkalira mokoma ngati za m'kwaya. Inkalira mokalipa, mwamakandamakanda, ngati chigayo chikamayamba m'mawa, koma pansi pake pankayenda tchopa wa kwawo kwa mayi awo, nthawi zina chimtali cha kwathu kuno. Mnyamata wina wa pa wailesi anadzaitcha roko ya kumudzi. Alamu anati iwo sadziwa za roko, akungoyimba zimene anaona. Ndipo ankayimbadi zimene anaona: phoso la tenanti limene limatha mwezi usanathe, njinga ya kapitawo, mkamwini amene amamanga nyumba pa dothi la eni. Yotchuka kwambiri inali ya lole:

Lole yabwera, amayi mangani mphasa,
kwathu n'kutali, kwathu n'chaka chamawa.

Ndinaona ndi maso anga amuna akuluakulu a pa esiteti, ndevu pepepe, akupukuta m'maso ndi chipewa pa msika wa Kabudula. Tsiku limenelo mabuluku anayenda bwino kwambiri.

M'masiku a makaseti anakajambula nyimbo zawo ku situdiyo ina ku Lilongwe, zonse tsiku limodzi, ndi mnzawo woomba ng'oma. Ya lole ija inalira pa wailesi nyengo yonse ya dzinja. Makondakitala ankawadziwa, ena osawalipiritsa. Hotela ina ya m'tauni inawaitana kuti aziyimba anthu akudya, koma inkafuna nyimbo za kunja zimene alendo amadziwa. Anakhalako mwezi umodzi n'kubwerako. Anati, "Ndimayimbira misana ya anthu ndi mafoloko." Kenaka makaseti anafa. Anyamata a m'timashopu anayamba kuika nyimbo m'mafoni, ya lole ija inali m'thumba la aliyense kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma, mwini wake n'kumalandira moni wokha. Woomba ng'oma anapita ku Joni. Maukwati anayamba kufuna madije. Kutchuka kunawafikadi alamu, koma kunabwera chimanjamanja, n'kudya nawo, n'kupita. Anatsala ndi misika, zinkhoswe za anthu osauka, ndi gitala yofiira ija. Sanadandaule. Ankapekabe nyimbo, ina pambuyo pa inzake, akupalira chimanga.

Zaka zonsezo ine sindinawayamikirepo ngakhale kamodzi. Ndikufuna ndinene poyera. Paja chilamu ndi chipongwe, ndipo ine chipongwe ndi ntchito yanga.

"Alamu, mphaka uja mumamupha dzulo wafa, kapena mupitiriza lero?"

"Inu alamu, mukadzamwalira tidzagula mabokosi awiri. Lina la pakamwa."

Tinkaseka, n'kugawana chinangwa. Ndinkaganiza kuti akudziwa. Munthu ungamutsate misika yonse zaka makumi awiri, n'kumamusungira batire pansi pa mulu wa zovala kuti lisanyowe, iye osadziwa?

Mlongo wanga nayenso sankayamikira pamaso pawo. Koma alamu akachoka kupita kokayimba, iye ankabwera kwathu kudzacheza ndi akazi anga, ndipo akamaswa mtedza kapena kusankha nyemba ankayimba ya lole ija, n'kuwonjezera ndime yakeyake imene anapeka yekha:

Mtedza wanga unapita ku Lilongwe,
unabwerako wofiira, ukulira nsambo.

Ndinamufunsa chifukwa chake sawayimbira amuna ake. Anati, "Ayi, achimwene, angakule mutu. Ndipo mukangowauza, zitumbuwa zanga musadzadyenso." Ndinasunga chinsinsicho, poti zitumbuwa zake zinali zabwino.

Anadwala titangokolola. Tinapita naye ku chipatala cha mishoni, anamwino anayesetsa, alamu anagona pakhonde la wodi masabata atatu. Sizinatheke. Anasiya mwana mmodzi, mtsikana amene anali kumaliza sekondale. Za maliro sindilemba. Amene anaikapo mlongo wake akudziwa.

Patapita miyezi linafika tsiku losudzula. Kwathu kuno mkamwini ndi mlendo, ngakhale atameramo imvi m'mudzimo. Mkazi akamwalira, abale a mkaziyo amamumasula mwamuna kuti azipita, akakwatire kwina ngati afuna. Ana amatsala, munda umatsala, nyumba imatsala. Tinakhala m'mawa pakhonde pa malemu, katundu atayalidwa pa mphasa: njinga, makasu, mipando, wailesi, ndi gitala itatsamira khoma. Alamu anakhala pambali pa kampando, mutu uli pansi monga mmene wofedwa amakhalira. Wowayankhulira anali nkhalamba imodzi, tenanti mnzawo wa bambo awo, munthu amene mawu ake sakanasuntha ngakhale nkhuku.

Achimwene anayankhula mwaulemu. Anati njinga ndi ya mwana, aziyendera kusukulu. Makasu, mipando ndi wailesi ndi za pakhomo. Alamu atenge zovala zawo, bulangete, ndi nkhwangwa imene anabwera nayo. Kenaka analoza gitala ndi chibwano.

"Koma ichi chinachokera m'munda mwathu. Ndi mtedza wa malemu, wolimidwa pa dothi la mbumba ino. Kuli anyamata a bandi ya tchalitchi ku Namitete amene achifunsa kale. Chisanduke feteleza, mwanayu adye."

Anthu anavomereza ndi mitu. Ndipo kunena zoona, achimwene sanali ankhanza. Mwambo unali mbali yawo, mwanayo ankafunikadi kudya, ndipo wamng'ono satsutsa mwini mbumba pagulu. Koma ine ndinayang'ana alamu, munthu wa zaka makumi asanu, wopanda mudzi, wopanda munda, amene analumbira kuti sadzagwiranso fodya. Popanda gitalayo akanadya chiyani? Akanakhala ndani? Ndinadziuza kuti apa pafunika katswiri. Ndinadzuka, ndinainyamula gitala ija ndi zala ziwiri.

"Achimwene, pepani, ndilankhuleko ngati munthu wa msika. Ichi mukuti chisanduke feteleza? Onani khosi ili, lapindika ngati msana wa nkhalamba. Mng'alu uwu, mphemvu zakhalamo mpaka zidzukulu. Anyamata a ku Namitetewo anangomva mbiri, sanachione. Akachiona adzatiseka mpaka ku Mchinji, adzati mbumba ija yasauka mpaka kugulitsa nkhuni zopenta."

Achimwene ndi mlimi. Ndinawagulitsapo jekete la chizimayi, iwo n'kumalivala ku Misa chaka chathunthu. Anayamba kukayika. Koma anafunsa, "Nanga si inalira pa wailesi imeneyi, eti?"

"Pa wailesi pamaliranso zolengeza za ng'ombe zosowa, achimwene. Alipo anavinapo?"

Anthu anaseka. Pamwambo wachisoni, koma anaseka, ndipo kuseka kwa anthu ndi kachasu kwa munthu ngati ine. Ndinayenera kuima pamenepo. Wogula wanzeru amadziwa pamene mtengo wafika pansi, amatseka pakamwa n'kutulutsa chikwama. Ine ndinamva kukoma. Ndinachoka pa gitala n'kupita pa nyimbo: ndinati ndani lero angamvere nyimbo za matenanti, ndinati ana amakono akamva amaganiza kuti chigayo chawonongeka. Achimwene anali adakali kukanda chibwano, ndiye ndinaponya mwala womaliza.

"Ngakhale malemuwa, mukuganiza kuti ankakondwa nacho? Ankangopirira. Zaka zonsezi phokoso m'makutu, ngati munthu wokwatiwa ku chigayo."

Achimwene anakweza manja. "Basi, basi. Atenge chinyalala chawocho."

Mtima wanga unavina. Ndinatembenuka kuti ndiwatsinzinire diso alamu, monga mmene ndinawapondera phazi tsiku lija ku Lilongwe. Koma wofedwa sayang'ana anthu kumaso. Mutu wawo unali pansi nthawi yonseyo. Sanaone nkhope yanga, anangomva mawu.

Anawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuyankhula okha, osadikira nkhalamba ija.

"Zikomo eni mbumba. Mwandisunga zaka zambiri, mwandimasula mwaulemu. Koma gitalayo itsale. Ngati inkamusowetsa mtendere mwini wake ali moyo, ine sindingainyamule."

Anamanga bulangete lawo, anaika nkhwangwa paphewa, anasisita mwana wawo pamutu, n'kuloza njira ya ku msewu.

Ine ndinaima pamenepo, gitala ili m'manja, ngati munthu wagula mbuzi n'kupeza kuti chingwe chokha ndicho chatsala. Ndikanati ndikuwe kuti ndimanama, achimwene akanaitenga nthawi yomweyo, ndipo ndikanawachititsa manyazi pamaso pa mbumba yonse. Ndikanati ndiwathamangire alamu, ndikanaulula chimodzimodzi. Ndinati ndidikire madzulo, ndikawapeza pa Msundwe ndikawafotokozere. Madzulo ndinapeza atakwera kale. Foni yawo inali yozima, ndipo inakhala yozima.

Gitala inatsala kwa ine, poti ndinali nditaipha ndekha pagulu, palibe anaifunanso. Ndinaipachika kuchipinda. Akazi anga akamasesa ankaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Misika inali zii. Makasitomala ankafunsa kuti kodi woyimba uja ali kuti, ine n'kumati anapita kokajambula. Bodza ndiye silinandithere.

Mvula itagwa, chimanga chitamasula, ndinapeza diresi labwino m'belo n'kupita nalo kwa mwana wa mlongo wanga. Kuyambira tsiku losudzula ankandipatsa moni wa pakhomo pa chipatala, waufupi, wouma. Analilandira diresilo ndi manja awiri, monga mwana woleredwa bwino, n'kulitembenuza.

"Atsibweni, ili munalinyoza kangati musanaligule?"

Ndinaseka ndekha. Iye sanaseke.

"Bambo ali ku esiteti ina kupitirira Kabudula," anatero. "Akusoka fodya."

Sindinadye tsiku limenelo. M'mawa mwake ndinaikulunga gitala m'pulasitiki wa belo, ndinakwera matola mpaka ku Nsaru, kenaka kabaza. Msewu unali phala lokhalokha. Tinagwa kawiri, kachiwiri ndinagwa chagada gitala ndili nditaikweza m'mwamba ngati mwana wa ubatizo, wakabaza n'kumandifunsa ngati muli mazira. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamupatsa wakabaza zimene anatchula, osanenerera.

Ndinawapeza masana m'chigafa, atakhala pansi pakati pa amayi ndi abambo ena, mulu wa masamba uli patsogolo, singano ili m'manja. Anali atawonda. Zala zija zinkathamanga pa nsambo zinali zakuda bii ndi utomoni wa fodya. Ankasoka mwaluso kuposa onse, osayang'ana n'komwe. Atandiona sanadabwe.

"Alamu. Mwabwera ndi belo? Kuno anthu sanalandire."

Ndinakhala pansi, ndinamasula pulasitiki. Anthu onse anasiya kusoka.

"Ndabwera ndi katundu wanu."

Anaiyang'ana pang'ono n'kubwerera ku singano. "Khosi lopindika limenelo? Mphemvu munazisiya kuti?"

"Alamu, khosi ndi lowongoka ngati msewu wa ku Mchinji. Gitala iyi palibe inzake m'boma lino. Mawu ake ndi uchi. Nyimbo zanu, ine ndayenda misika yonse, sindinamvepo..."

Ndinadzimva ndekha. Mawu anga anali omwe aja ndimagulitsira jekete la zipi yakufa. Mayi wina wa pambali anafunsa kuti, "Kodi mukugulitsa zingati, bambo?"

Alamu anabaya tsamba lina. "Mwamva? Pakamwa panu pakayamikira ndiye kuti mukugulitsa. Pakanyoza ndiye kuti mukugula. Ine ndatola chiyani pamenepo?"

"Ndiye mumadziwa kuti ndimagula!"

"Ndimadziwa. Si ndinali nanu ku Lilongwe? Mutangoyamba za msana wa nkhalamba ndinadziwa kuti alamu ayamba ntchito. Ndinatsala pang'ono kuseka, mutu uli pansi chomwecho. Za nyimbo zanganso sizinandipweteke, ndazimva kwa inu zaka makumi awiri." Anaika singano pansi. "Koma mlongo wanu sanali pa mphasa paja. Sanali katundu. Ndipo inu ndinu amene munkacheza naye ine ndikachoka. Iye sanandiuzepo kuti nyimbo zanga n'zabwino, ngakhale tsiku limodzi. Ndinkati ndi manyazi. Ndiye inu mutanena kuti ankangopirira, ndinati mwina bodza la alamu lero lagwera pa zoona. Ndamufunsa miyezi yonseyi. Sayankha."

Ndinafufuza m'kamwa mwanga, sitolo yanga yodzaza ija, n'kupeza kuti mulibe mawu amodzi amene munthuyu angawakhulupirire. Ndikanalumbira pa Baibulo. Anandionapo ndikulumbira pa Baibulo kuti nsapato za pulasitiki ndi zachikopa. Zanga zonse zinali zitagwiritsidwa kale ntchito. Chinatsala ndi chimodzi chokha chimene sichinali changa.

Ine mawu anga oyimbira ndi a khwangwala wachimfine. Kutchalitchi ndimangoyendetsa milomo, ndipo mpingo umandithokoza. Koma ndinatsinzina, ndinayamba ya lole. Amayi mangani mphasa. Mnyamata wina anaphulika kuseka, mayi wina n'kumugunda ndi chigongono. Ndinapitirira mpaka pamene nyimboyo imathera, ndipo m'malo moima ndinalowa ndime ija:

Mtedza wanga unapita ku Lilongwe,
unabwerako wofiira, ukulira nsambo.

Nditatsegula maso alamu anali akundiyang'ana, koyamba chifikireni.

"Imeneyo mwaitenga kuti?"

"Mukuona ngati ine ndingapeke chinthu chotere? Ankaiyimba pakhonde panga akuswa mtedza, inu mukapita kokayimba. Nthawi zonse. Akazi anga akuidziwa, mwana wanu akuidziwa, koma sanadziwe kuti inu simuidziwa. Anandiletsa kukuuzani. Anati mungakule mutu."

"Anatero?"

"Anati ndikaulula zitumbuwa ndisadzadyenso."

Anatulutsa kamawu kamene sindidziwa ngati kanali kuseka. Anaphimba nkhope ndi mkono, poti manja anali a utomoni, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Palibe anasoka. Kenaka anapempha madzi ndi sopo kwa mayi uja, anasamba m'manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, anapukutira ku malaya.

"Bwerezani," anatero. "Koma mwaiyamba pamwamba kwambiri, mukupha anthu. Bweretsani kuno ndikupatseni poyambira."

Nsambo zinali zitamasuka, ina inaduka akuchuna. Anayimba ndi zisanu. Panalibe sipika, panalibe batire, ndipo gitala ya magetsi yopanda magetsi imalira ngati udzudzu, moti anthu onse anachita kusendera pafupi kuti amve. Ndinabwereza ndime ija katatu mpaka anaigwira. Kachinayi anandiuza mwaulemu kuti ndikhoza kupuma.

Sanabwerere nane tsiku limenelo. Anati anagwirizana ndi mwini fodya kuti amaliza nyengo, ndipo mwana wa tenanti sathawa fodya ali m'chigafa. Koma gitala inatsala m'manja mwawo. Fodya atapita ku okushoni anapeza kachipinda pa Nsaru, kuseri kwa okonza njinga, ndipo ndi kumene ali mpaka lero. Kumudzi amabwera ngati mlendo, kudzaona mwana. Achimwene atamva gitala ija ikuliranso pa msika anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nkhuni zopenta, eti?" Chaka chimenecho feteleza wa m'munda wa mwanayo anachokera m'mabelo anga, ndipo sanandifunse kuti ndikufuna kapena ayi.

Wailesi inawaiwala alamu, ndipo tsitsi layera. Koma tsiku la msika amakhala pansi pa malaina, sipika ili pambali, batire lili pansi pa mulu wanga. Chipongwe sitinasiye, sabata yatha ndinawafunsa za mphaka uja, iwo n'kundikumbutsa za bokosi lachiwiri. Ya lole amaiyimba pomaliza, ndipo tsopano ili ndi ndime ya mtedza. Anthu amaganiza kuti anapeka okha. Akafika pamenepo ine ndimasiya kukuwa, ngakhale kasitomala atagwira kale jekete m'manja. Amayi ena a ku Nambuma anazindikira zimenezi. Amadikira dala ndimeyo, n'kusendera pafupi, n'kutchula mtengo wawo motsitsa mawu, podziwa kuti nthawi imeneyo ndimangogwedeza mutu.